Achimwene anatuluka mu ICU, amayi anatsalira pakhomo

Foni ya amayi ndi yaing'ono ija ya mabatani, ndipo amaimangirira kunsonga ya chitenje limodzi ndi ndalama ya kuchigayo. Kale ikalira ankayamba amaliza zimene akuchita, kupukuta m'manja, kenako kumasula mfundo mosathamanga, mpaka woimbayo ankadula. Tinkawaseka nazo. Pa holide yapitayi ndinaona zina. Tinali pakhonde tikuswa mtedza, foni inalira, lichero linagwa, mtedza uli mbwee pansi. Manja awo ankanjenjemera moti mfundo ija ndinamasula ndine. Woimbayo anali mayi wina wa kumpingo, amangofunsa za tsiku la msonkhano. Amayi anayankha bwinobwino, koma atadula anakhala duu, thukuta lili pamphumi pomwe kunja kunali kamphepo kozizira. Munthu amene ankamuopera pa foni imeneyo, achimwene anga, anali pomwepo pabwalo, amoyo, akudya mbatata yootcha.

Ndikulemba za amayi, koma ndiyambe ndi achimwene chifukwa nkhani inayambira pa iwo.

Achimwene ndi a kabaza. Anasamukira ku Nathenje zaka zitatu zapitazo chifukwa pamsewu wa M1 pamapezeka makasitomala ambiri kusiyana ndi kumudzi kwathu, kufupi ndi Mitundu. Njinga yamoto sinali yawo, ankapereka ndalama kwa mwini wake sabata iliyonse. Madzulo ena mu Januwale chaka chatha, mvula itangokata, anawombana ndi galimoto n'kumenyetsa mutu pa tala. Anthu anawatengera kuchipatala chapafupi, kumeneko anawakweza ambulansi ya kuchipatala chachikulu m'tauni, ndipo usiku womwewo analowa mu ICU. Anakhalamo masiku 12.

Ine ndinali kuno ku Zomba, semesita ili pakati. Amayi anamva uthenga m'bandakucha. Anamanga katundu wawo, mapoto awiri, ufa, nyemba, beseni, mbale, zitenje zitatu, n'kukwera minibasi yoyamba yochoka pa Mitundu. Aliyense amene anakulira kuno akuudziwa katundu ameneyu. Ndi katundu wa gadiyani.

M'zipatala zathu gadiyani ndi theka la chithandizo. Amaphikira wodwala, kumusambitsa, kumuchapira, kumutembenuza, kumuperekeza kuchimbudzi, kukaitana namwino dripi ikatha, usiku n'kuyala chitenje pansi pafupi ndi bedi. Kafukufuku wina amene anatuluka mu Malawi Medical Journal mu 2012 analemba zimene tonse timaziona ndi maso: magadiyani ambiri ndi amayi, ambiri sanapite patali ndi sukulu, ndipo amagwira ntchito zambiri zimene kumaiko ena zili m'manja mwa anamwino. Amayi anga ntchito imeneyi amaidziwa ngati kupalira. Anadwazika agogo, anadwazika malemu bambo athu miyezi inayi. Sanali munthu woti chipatala chingamuopse.

ICU inawalanda ntchito imeneyi. Tsiku loyamba anaphika nsima ndi nyemba kumalo ophikira magadiyani, n'kupita nazo pakhomo paja, n'kubwerera nazo. Wodwala wa mu ICU sadya nsima, chakudya chimadutsa m'kachubu ka pamphuno. Sasambitsidwa ndi achibale. Simugona pansi pa bedi lake. Mumalowa pa nthawi yoikika, kwa mphindi zochepa, mutasamba m'manja, ndipo mukalowa mumapeza mwana wanu ali gone, maso ali tseke, chubu kukamwa, mawaya pachifuwa, makina akumupumira, ena akulira tii, tii, tii. Malamulo amenewa ali ndi zifukwa zomveka, chifukwa munthu wodwala chonchi kachilombo kakang'ono kochokera panja kangathe kumumaliza. Koma kwa mayi amene chikondi chake chonse chimadutsira m'manja, kuuzidwa kuti palibe choti agwire kuli ngati kumumanga manja kumbuyo n'kumusiya ayang'ane nyumba ikupsa.

Ndiye anatsala ndi ntchito imodzi, kudikira. Anapereka nambala ya foni kwa anamwino, anauzidwa kuti pakakhala chilichonse adzaimbiridwa. Taganizani zimene mawu amenewa amachita m'mutu wa munthu. Kuyambira pamenepo foni ikalira ndiye kuti mwina ndi imfa. Ndipo foni inkalira kwambiri, chifukwa abale onse a ku Mitundu, a ku Nathenje, ngakhale a ku Joni ankafuna kumva. Kulira kulikonse mtima unkayamba wafa kaye, kenako n'kupeza kuti ndi azakhali akufunsa ngati wadzuka bwanji. Masiku 12, usana ndi usiku. Chitseko cha ICU chikatseguka, onse okhala panja ankaimirira. Nthawi zina chinkatseguka kuti patuluke munthu atafunditsidwa nsalu mpaka kumutu, ndipo aliyense ankayang'ana kumapazi kuti aone ngati ndi wake. Amayi anaona zimenezi katatu. Anandiuza patapita miyezi kuti ulendo uliwonse ankathokoza Mulungu kuti si mwana wawo, kenako ankadzida okha poona mnzawo amene anagona naye mphasa imodzi akugubuduzika pansi.

Panalinso nkhani ya okosijeni. Kumudzi kwathu, ndipo ndikhulupirira kwanunso, anthu ambiri amakhulupirira kuti munthu akaikidwa pa okosijeni ndiye kuti basi, kapenanso kuti mpweyawo ndi umene umamaliza munthu. Chikhulupirirochi chili ndi pochokera: okosijeni amapatsidwa kwa odwalitsitsa, ena mwa iwo amamwalira, ndiye anthu amaona ngati wapha ndi mpweyawo. Amayi ankamva zimenezi pa foni tsiku ndi tsiku. Ena ankati amutulutse akayese kwina. Ena ankati ngoziyo si yabwinobwino, pali munthu. Onsewa ankalankhula ali kwawo, atakhuta, madzulo n'kukagona pa bedi.

Tsiku lachisanu ndi chitatu dokotala anawaitana. Anafotokoza kuti chubu cha kukamwa chakhalitsa, ndi bwino kuboola pakhosi n'kuikapo kachubu kena kopumira, ndipo pakufunika wachibale avomereze. Kwa ife Achewa nkhani yotere si ya mayi yekha. Mwini mbumba ndi amalume, ndipo amalume athu ali ku Joni, tsiku limenelo foni yawo sinkapezeka. Amayi anandiimbira ine, mwana wa zaka 21 amene amaphunzira mabuku a ndakatulo ndi mbiri yakale. Ndinathamangira pa Google, ndinawerenga kuti opaleshoni imeneyi ndi yodziwika kwa odwala okhalitsa pa makina, ndinawauza kuti avomere. Anadinda chala. Masiku awiri otsatira achimwene anatentha thupi kwambiri, ndipo wachibale wina anawafunsa amayi pa foni kuti analola bwanji mwana adulidwe pakhosi ngati nkhuku. Mawu amenewo sanawachoke mpaka lero.

Kumunda nako kunali kukuonongeka. Januwale ndi mwezi wobandira ndi kuthira feteleza wachiwiri. Thumba la feteleza limene linali m'nyumba tinagulitsa kuti tipeze ya thiransipoti, makala ndi ndiwo m'tauni. Mbuzi ziwiri zinapita. Mwini njinga naye ankatumiza mauthenga. Zonsezi zinkafikira pa foni yomwe ija.

Achimwene anatsegula maso, anachoka pa makina, anapita kuwodi wamba, ndipo kumayambiriro kwa Marichi anabwerera kumudzi. Anthu anabwera ndi nkhuku, ena ndi shuga. Kutchalitchi kunali chopereka chothokoza. Aliyense ankagwira amayi dzanja n'kunena kuti ndinu olimba mtima, Mulungu wakuyankhani. Palibe anawafunsa kuti inuyo muli bwanji, ngakhale ine. Panalibe chifukwa chofunsira, wodwala uja anali atachira.

Matenda a amayi anayamba mwakachetechete zinthu zonse zitatha. Tulo tinasowa. Ankadzuka pakati pa usiku kukaima pakhomo la chipinda cha achimwene, bambo wa zaka 27, kumvetsera ngati akupuma. Anasiya kupita m'tauni, ngakhale kukaona mdzukulu amene anabadwa ku Area 23. Tsiku lina pamsika wa Mitundu lole inkabwerera m'mbuyo ikulira tii, tii, tii, iwo miyendo inafooka, anakhala pansi pomwepo ndi dengu lawo. Fungo la Jik linkawachititsa nseru. Anasiya kwaya, anayamba kukalipa pa zinthu zazing'ono, zitenje zinayamba kuwakulira. Ankadandaula kuti mtima ukuthamanga ndipo mutu ukulemera. Anapita kuchipatala chaching'ono chapafupi, anawayeza BP ndi malungo, zonse zinali bwino, anabwerako ndi panado. Sindikumuda amene anawayeza. Panja panali mzere wautali, ndipo amayi sananene za ICU chifukwa sankaona kuti zikugwirizana.

Ine ndinazindikira mochedwa, tsiku la lichero lija. Nditabwerera kusukulu ndinayamba kufufuza, ndipo ndinadabwa kupeza kuti zimenezi zili ndi dzina. Mu 2010 bungwe la madokotala ndi anamwino a odwala mwakayakaya ku America, Society of Critical Care Medicine, linagwirizana zotcha mavuto amene munthu amatsala nawo akatuluka mu ICU kuti PICS, ndipo mavuto a achibale ake anawatcha PICS-F. Chilembo F chikuimira banja. M'gulu limeneli muli nkhawa yosatha, kukhumudwa kwa nthawi yaitali, chisoni chosapola kwa amene anaferedwa, ndi PTSD, vuto lija timalimva pa nkhani za asilikali obwera kunkhondo. Mmene limagwirira ntchito si zovuta kumva. Munthu akakhala pa mantha aakulu masiku ambiri, thupi limaphunzira kuti phokoso lakutilakuti kapena fungo lakutilakuti ndi chizindikiro cha imfa. Zoopsazo zikatha thupi silimva kuti zatha. Likamva phokoso lija limatulutsabe adrenaline, mtima n'kuthamanga, manja n'kunjenjemera, ngakhale mutu ukudziwa bwino kuti ndi lole chabe. Munthuyo amayamba kupewa malo ndi zinthu zomukumbutsa, amalota zimene anaona, amakhala tcheru nthawi zonse. Ndinkawerenga ngati akulemba za amayi anga.

Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi anachitikira ku France. Mu 2001 Frédéric Pochard ndi anzake anafunsa achibale 920 a odwala a mu ICU zokwana 43, ndipo anapeza kuti 69 pa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro za nkhawa, 35 pa 100 anali ndi zizindikiro za kukhumudwa. Chimene chinandigwira mtima ndi zinthu zimene anapeza kuti zimayenda limodzi ndi mavutowa: kusowa kwa chipinda chodikiriramo, kusowa kwa malo apadera okambirana ndi banja, kumva zosiyana kuchokera kwa ogwira ntchito osiyana. Mu 2005 Élie Azoulay ndi gulu lake anatsatira achibale 284 patatha masiku 90 wodwala wawo atatuluka mu ICU kapena atamwalira. Mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi zizindikiro zoonetsa chiopsezo cha PTSD. Pakati pa amene anatenga nawo mbali popanga chiganizo cha chithandizo, chiwerengerocho chinafika pafupifupi theka. Pakati pa amene anatenga nawo mbali pa chiganizo chokhudza mapeto a moyo wa wodwala, chinapitirira 80 pa 100. Nditawerenga pamenepa ndinakumbukira chala cha amayi chili ndi inki.

Manambalawa ndi a anthu amene ambiri mwa iwo amabwerera kunyumba madzulo kukagona pa bedi lawo, amalankhula chinenero chimodzi ndi dokotala, ndipo sagulitsa mbuzi kuti adye. Gadiyani wochokera ku Mitundu kapena ku Nathenje amagona pansi, amadya kamodzi, mawu a Chingerezi amawamva akudutsa pamwamba pa mutu wake, ndipo akudziwa kuti tsiku lililonse limene ali pakhomo paja udzu ukukula m'munda. Sindikuona chifukwa choganizira kuti iye n'ngotetezeka kuposa mayi wa ku Paris. Ena amati ife tili ndi chibale cholimba ndiye zoterezi sizitigwira. Chibale chilipodi, ndipo ndi chimene chinatumiza ndalama pa Mpamba ndi Airtel Money mpaka tinakwanitsa. Koma chibale chomwecho ndi chimene chinkaimba foni kakhumi patsiku ndi kufunsa za nkhuku ija.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukuganiza, chifukwa mnzanga wa ku College of Medicine, imene tsopano ndi KUHeS, anandiuza maso ndi maso. Pamene COVID-19 inkafika mu 2020, zinalembedwa ponseponse kuti dziko lonse lino linali ndi mabedi a ICU pafupifupi 25, pomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo oposa 17.5 miliyoni. M'dziko lotere, amene wapeza bedi ndi wamwayi, ndipo anamwino ochepa amene alipo akuthamanga kupulumutsa moyo. Ndiye iwe ukufuna asiye zimenezo azikatonthoza gadiyani? Funsoli si lopusa. Ndinawaona anamwino aja nditapita kumapeto kwa sabata yoyamba, maso ali psuu chifukwa cha kugwira usiku, ndipo ndilibe nawo mlandu. Anapulumutsa achimwene anga.

Koma taonani amene amalandira wodwala akatuluka. Achimwene anabwera kunyumba akuiwalaiwala, mawu ali osasa, mwendo umodzi ukukoka, usiku akulota zoopsa. Kwathu kulibe namwino woyendera m'makomo tsiku ndi tsiku. Amene anayenera kuwaphikira, kuwakumbutsa mankhwala, kuwaperekeza ku fizo ndi kupirira kupsa mtima kwawo anali mayi yemwe uja wosagona. Gadiyani akagwa, ntchito yonse imene bedi losowa lija linagwira imayamba kuphwasuka. Kumusamala ndi mbali ya kusamala wodwala yemweyo.

Komanso zimene zimathandiza si zodula. Kale mu 1979 namwino wina wa ku America, Nancy Molter, anafunsa achibale a odwala mwakayakaya chimene amafunitsitsa, ndipo choyamba pa zonse chinali kumva kuti chiyembekezo chilipo. Mu 2007 Alexandre Lautrette ndi anzake anayesa njira ina mu ICU 22 za ku France, pa mabanja a odwala amene ankayembekezeka kumwalira. Mabanja ena anakambirana ndi madokotala mwa nthawi zonse. Ena anapatsidwa nthawi yotalikirapo, madokotala anawamvetsera kwambiri, ndipo anawapatsa kabuku kofotokoza za kuferedwa. Patatha masiku 90, zizindikiro za PTSD zinapezeka mwa 69 pa 100 a gulu loyamba ndi 45 pa 100 a gulu lachiwiri. Panalibe makina atsopano kapena mankhwala, anangowonjezera mphindi zokambirana ndi kabuku.

Amayi anakumana ndi zofanana ndi zimenezi kamodzi, mwangozi. Pa masiku onse 12 pali tsiku limodzi limene amalikamba nkhope ili yowala. Namwino wina wachikulire anawaona ataima pambali pa bedi manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu, n'kuwafunsa ngati ali ndi Vaseline. Anawauza kuti asambe m'manja, amudzoze mwana wawo kumapazi, ndipo azimulankhula chifukwa nthawi zina odwala otere amamva. Anawalozeranso makina amodzi n'kunena m'Chichewa kuti awa akalira si kuti munthu akufa, nthawi zambiri ndi kawaya kamene kasuntha. Amayi anadzoza mapazi aja mphindi khumi akumuuza mwana wawo za mbuzi ndi za mvula. Amati usiku umenewo ndi wokhawo umene anagona. Ndimadzifunsa kuti zikanakhala bwanji chikhala kuti anamva za kawaya kaja tsiku loyamba, kapena chikhala kuti panali ola limodzi lodziwika tsiku lililonse loti wina atuluke n'kuwauza m'chinenero chawo mmene zilili, ngakhale nkhaniyo ikhale yoipa. Munthu amene akudziwa kuti amva nthawi ya 10 koloko sadzidzimuka ndi chitseko chilichonse.

Vuto lina lili pa mawu. Nditawauza amayi kuti mwina akufunika kuonana ndi a zamaganizo, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, sukulu yakoyo ikuuza kuti amako apenga?" Kwa iwo, ndi kwa anthu ambiri a msinkhu wawo, nkhani ya maganizo ili ndi khomo limodzi, la misala, ndipo khomo limenelo limatsegukira ku Zomba Mental Hospital. Sindikuwadabwa. Kwa zaka zambirimbiri lamulo loyendetsa nkhanizi kuno linali Mental Treatment Act ya 1948, lolembedwa nthawi ya atsamunda, pamene chithandizo chinkatanthauza kutsekera munthu. Malo ngati St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amapereka uphungu kwa anthu amene sanapenge konse, koma mayi wa kumudzi akamva dzina lotero amamva misala basi.

Chodabwitsa n'chakuti Chichewa chili nawo kale mawu oyenera. Amayi eniake amati akuganiza kwambiri. Amati mtima sukukhazikika. Anzathu a ku Zimbabwe m'Chishona amati kufungisisa, tanthauzo lake lomwelo, ndipo dokotala wa zamaganizo Dixon Chibanda anamanga pa mawu amenewa pamene anayambitsa Friendship Bench ku Harare mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala, kumvetsera munthu, ndi kumuthandiza kusanthula mavuto ake limodzi ndi limodzi. Zotsatira za kafukufuku wake zinatuluka mu 2016 ndipo zinaonetsa kuti njirayi imachepetsadi zizindikiro za nkhawa ndi kukhumudwa. Yayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi. Ndikaganiza za pakhomo la ICU paja, pamene anthu amakhala kale pansi tsiku lonse opanda chochita, sindiona malo ena amene benchi lotere lingafunike kuposa pamenepo.

Ndinene za ife tsopano, ophunzira ndi amene mwangomaliza kumene, chifukwa pa nkhani zoterezi tili ndi udindo umene sitinaupemphe. M'banja lililonse lakumudzi, mwana wa ku yunivesite ndiye womasulira. Amayi ankamva liwu kwa dokotala, n'kulisunga m'kamwa mpaka atandiimbira, n'kulitchula mmene analimvera. Ine ndinkalisaka pa intaneti, n'kupeza tanthauzo lake limodzi ndi manambala a anthu amene amamwalira nalo. Kenako ndinkawauza kuti si zoopsa. Ndinanama kangapo. Ndinkagona foni ili pansi pa pilo, mayeso a pakati pa semesita ndinalemba zimene sindikuzikumbuka, ndipo mpaka pano nambala yachilendo ikaimba usiku m'mimba mumatentha. Sindinauze aliyense ku hostel, ndinkangoti achimwene akudwala pang'ono. Cholakwa changa chachikulu si bodza lija. Ndi chakuti ulendo uliwonse ndikaimba ndinkayamba ndi funso lakuti achimwene ali bwanji, n'kutsiriza ndi lakuti ndalama yatsala zingati. Amayi ndinawasandutsa wailesi yondipatsira nkhani. Ndikanatha kuwauza azakhali ndi ena onse kuti aziimbira ine, foni ya amayi ipume. Ndikanatha kukakamira kuti wina akawalandire masiku awiri akagone kunyumba. Zimenezi sizinkafuna digiri, koma sindinaziganize.

Nditazindikira, ndinayesa nzeru zanga za pa intaneti. Ndinasintha kaliridwe ka foni yawo, ndinaika nyimbo ya kwaya. Sizinathandize, patatha sabata ankadzidzimuka ndi nyimboyo, ndiye ndinangowaonongera nyimbo yabwino. Ndinayesa kuwafunsa mafunso amene ndinawerenga, anandiuza kuti ndikatunge madzi.

Amene amamasuka naye ndi mayi wina wa ku Dedza amene anagona naye mphasa imodzi pakhomo paja. Amuna ake sanatuluke amoyo. Poyamba amayi ankaopa kumuimbira, ankati ndikamuuza chiyani ine wanga anachira. Anayamba kuimba ndi mayiyo. Tsopano Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi amandituma, kapena kutuma achimwene, kukagula mayunitsi, n'kupita kuseri kwa khitchini. Amakamba nthawi yaitali. Tsiku lina ndikudutsa ndinamva akukumbutsana za mlonda wina amene ankawabisira malo ogona mvula ikamagwa, akuseka, kenako kunali zii, kenako amayi akuti, "Inenso amayi, inenso sindigona."

Mayi wa ku Dedza uja ndi amene anawauza kuti iye anapita kuchipatala cha boma kwawo n'kuonana ndi namwino wa zamaganizo, ndipo sanamutsekere, anangocheza naye n'kumuuza tsiku lobweranso. Zimene ine ndinalephera miyezi itatu iye anazitha pa foni imodzi. Usiku woti mawa ndibwerera ku Zomba amayi anandiitana, anati ndikafufuze tsiku limene a zamaganizo amapezeka kufupi ndi kwathu. Anandichenjeza kuti ndisauze amalume, ndipo aliyense akafunsa ndizinena kuti akukaonetsa vuto la tulo. Tsikulo ndinalipeza, ndinawaimbira masana, nthawi imene ndinawalonjeza kuti ndizikhala ndikuimba kuti asamadzidzimuke. Anati amva, apita akagulitsa mtedza.